Mitengo Imene Inadya Masiku a Kadontho

Panali mayi wina wogulitsa mbande za mitengo m'mbali mwa msewu. Ntchito yake inali yodikira basi: kufesa, kuthirira, kudikira, kenako mbuzi ya eni n'kudzadya. Mwamuna wake anachotsedwa ntchito kufakitale, ndipo chimene anabwera nacho kunyumba chinali pemphero lokha. Mayiyo akadandaula, bamboyo ankangoti Mulungu ali ndi nyengo zake. Mawuwa ankamupsetsa mtima koopsa. Nyengo yanji yosatha? Mnzake wa tsidya lina la msewu ankagulitsa mitengo ikuluikulu kwa omanga nyumba zapamwamba, pomwe iye ankangoingitsa ntchentche pa timbande tosafika m'bondo.

Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene ankamutcha Kadontho chifukwa cha kuchepa thupi. Kadontho anali asanayambe sukulu.

Tsiku lina mayiyo anachoka pakati pa mapemphero a amayi, nyimbo ili m'kamwa, n'kupita kwa sing'anga amene ankakhala kuseri kwa malo osokera nsapato. M'chipindamo munkanunkha guluu ndi zikopa. Sing'angayo anamvetsera akuwenga zikhadabo, kenako anatulutsa kansupa koti akakaviike mumgolo wa madzi othirira.

"Koma mtengo sukula ulere, mayi," anatero. "Umadya masiku. Ndikaufulumizitsa, masikuwo achokera pakhomo panu."

"Kwa ndani, agogo?"

"Kwa amene ali nawo ambiri."

Mayiyo anamva bwinobwino. Mtima unadziwerengera wokha: mwana ali ndi masiku ngati mchenga, ukatapako pang'ono ndani angaone? Ndiponso mwana aliyense amalakalaka kukula. Anatenga kansupako.

Zinayendadi. Mango ofesedwa m'mawa ankafika m'chiuno dzuwa lisanapendeke. Magalimoto anayamba kuima. Mayiyo anagula malo, analemba antchito, anasiya kupita kutchalitchi poti Lamlungu ndiye malonda ankatentha. Mwamuna wake atafunsa za mitengo yachilendoyo, anamuuza kuti apitirize kudikira nyengo yake, iye yakeyo anaipeza.

Kadontho mano a ubwana anagweruka onse m'sabata imodzi. Nsapato zatsopano zinkamuthina asanazizolowere. Anansi ankaseka, amvekere kodi mwanayu mukumuthira feteleza? Mayiyo ankaseka nawo. Ankadziuza kuti akagulitsa ulendo umodzi wokha asiya. Ulendo umodziwo unkabala unzake.

Kenako kunabwera mwini hotela yatsopano, wofuna mitengo yamthunzi yokhwima yodzaza bwalo lonse, alendo asanafike. Mayiyo anayang'ana mwana wake, amene tsopano anali ndi thupi la namwali koma akuyamwabe chala, akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pansi pa tebulo. Anazengereza pang'ono. Anavomera.

Mitengoyo inakwera ngati utsi. Tsiku limene lole inadzainyamula, bamboyo anathamangira kumsewu kukaitana mkazi wake. Kunyumba, pamphasa panali kankhalamba ka imvi mbuu, khungu lokwinyika, kakulira kuti miyendo ikukana kudumpha chingwe.

Mayiyo anathamangira kwa sing'anga, kansupa kali m'manja, n'kugwada. Anati amubwezere, atenge malo, atenge zonse, atenge masiku ake iye mwini.

"Anu atsala ochepa, sangakwane," anatero sing'angayo. "Ndipo chodyedwa n'chodyedwa. Kafunseni mitengo."

Atabwerera anapeza mwamuna wake atagwada, akupemphera mawu osamveka. Kankhalambako kanatambasula manja.

"Amayi, ndiberekeni. Ndatopa."

Anakabereka. Kanali kopepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Anazungulira nako m'chipindamo, akuimba nyimbo yogonekera mwana, mpaka mpweya umene unkamufunditsa pakhosi unaleka.

Mpaka lero pali mayi wa nsanza amene amaima pampanda wa hotela ija, akukalipira mitengo kuti ilavule masiku a mwana wake. Alonda amamuthamangitsa, iye amabwerera. Alendo amakhala pamthunzi n'kumayamikira kuzizira kwake.

Abale anga, nyengo yowawa imaoneka ngati Mulungu waiwala, koma Iye salipiritsa munthu mwana pa madalitso ake. Wadyera amathawa kudikira, osadziwa kuti chuma cha m'nsupa chimadya amene ukuti ukuwavutikirawo. Kuli bwino kulira uli m'manja mwa Mulungu, ana ako akukula tsiku limodzilimodzi.