Nsomba Zoyasamula

Nachidwi amakonda kufunsa mafunso. Amakondanso nsomba zake zitatu. Yoyamba ndi Kafiira. Yachiwiri ndi Mawanga. Yaing'ono kwambiri ndi Ndevu.

Nsombazo zimakhala m'bokosi lagalasi. Bokosilo lili m'chipinda chometera tsitsi cha bambo ake. M'bokosimo muli kapaipi. Kapaipiko kamatulutsa thovu tsiku lonse. Bwu, bwu, bwu.

Tsiku lina masana kunatentha kwambiri. Bambo ankameta amalume a Nachidwi. Kenako magetsi anazima. Makina ometera anati zii. Kapaipi nako kanati zii.

Amalume anadziyang'ana pagalasi. Mbali ina ya mutu inali mpala. Mbali ina inali tchire.

"Alamu, mwandimeta theka," anatero amalume. "Ndiyenda bwanji pamsewu?"

"Musayende, alamu," anayankha bambo. "Khalani, ndikuuzeni nkhani."

"Sindituluka muno mpaka magetsi ayake," anatero amalume.

Nthawi inapita. Nachidwi anayang'ana m'bokosi. Nsomba zonse zinali pamwamba pa madzi. Zinkatsegula pakamwa. Zinkatseka. Zinkatsegulanso.

"Bambo, nsomba zikutani?" anafunsa Nachidwi.

"Zikuyasamula," anayankha amalume. "Zatopa ndi nkhani za bambo ako."

"Kapena zili ndi njala," anatero bambo.

Nachidwi anaponyamo kachakudya. Nsomba sizinadye. Sinali njala.

"Ndiye kuti ndi ludzu," anatero amalume.

"Ludzu m'madzi, amalume?"

Bambo anaseka. Koma Nachidwi sanaseke. Ndevu anali atayamba kupendekeka. Ankasambira chammbali, pang'onopang'ono.

Nachidwi anaganiza. Chasintha n'chiyani? Madzi alimo. Miyala ilimo. Chakudya chilimo. Koma thovu mulibe.

Anathamangira kwa amayi. Amayi ankasoka malaya m'chipinda china.

"Amayi, m'kati mwa thovu muli chiyani?"

"Muli mpweya, mwanangu."

"Kodi nsomba zimapuma?"

"Zimapuma, ee. Mpweya wake umasungunuka m'madzi. Suoneka, ngati shuga mu tiyi. Madzi akatentha n'kungokhala phee, mpweyawo umachepa."

Nachidwi anakumbukira pampopi. Madzi akagwera m'ndowa, amachita thovu. Anatenga kapu yoyera bwino. Anatunga madzi m'bokosi. Anakweza dzanja. Anawathiramonso.

Thovu linabwera.

Anatunga. Anakweza. Anathira. Anatunga. Anakweza. Anathira. Mkono unatopa. Bambo analandira kapu. Kenako amayi analandira.

Kafiira anatsikira pansi. Mawanga anatsikira pansi. Koma Ndevu anali chipendekekere.

"Thovu lachepa," anatero Nachidwi. Anayang'ana kapaipi. Kenako anayang'ana amalume. "Amalume, pampu ya njinga yanu ili kuti?"

"Ili panjinga."

"Nanga njinga ili kuti?"

"Kutsidya kwa msewu." Amalume anagwira mutu wawo. "Ayi, mphwanga. Anthu andiseka."

"Ndevu akudikira, amalume," anatero Nachidwi motsitsa mawu.

Amalume anayang'ana Ndevu. Anayang'ana chitseko. Anaimirira, n'kutuluka.

Wogulitsa nthochi anaseka. Wokonza nsapato anaseka. Amalume anawabayibitsa, ngati munthu wotchuka. Anabwerako ndi pampu m'manja.

Bambo analumikiza pampu ku kapaipi. Amayi anamangapo kansalu kuti mpweya usathawe.

"Popani pang'onopang'ono," anatero Nachidwi. "Nsomba si tayala."

Amalume anapopa. Bwu. Anapopanso. Bwu, bwu. Thovu linakwera, lambirimbiri.

Nachidwi anagunditsa mphuno pagalasi. Ndevu anagwedeza mchira. Anawongoka. Anatsikira pansi kwa anzake. Anazungulira mwala kawiri.

"Wasiya kuyasamula," anatero Nachidwi.

Anapopa mosinthana mpaka dzuwa linapendeka. Kenako magetsi anayaka. Kapaipi kanayamba kokha. Bwu, bwu, bwu.

Amalume anakhalanso pampando. "Malizani, alamu."

Nachidwi anaika khutu pagalasi. "Amalume, Ndevu akuti zikomo."

"Akuti chiyaninso?"

"Akuti musamete mbali inayo. Akukudziwani ndi mutu umenewo."

Amayi anaseka. Bambo anaseka mpaka anaika makina pansi. Amalume anamunyamula Nachidwi n'kumukhazika pamiyendo. Onse anayi anaonerera Ndevu akusewera ndi thovu.