Pepala la Masilinda

Mayi Pulofesa anakiya chitseko cha labu nthawi itapitirira teni koloko usiku, atapsa mtima moti kiyi inkakana kulowa pabowo. Galimoto ya nthambi yawo akulikulu anali atailanda pamene mliri unafika povuta, ati ikufunika kwina, chonsecho aliyense ankaiona itaima pakhomo pa Achiwiri, otsatira kwa mkulu wa yunivesite. Maminibasi anali atasiya kale kuyenda chifukwa cha lamulo loletsa anthu kupezeka pamsewu usiku. Anakoleka chikwama paphewa, nakonza masiki awo, nauyamba wapansi.

Iwo ndiwo ankayendetsa nthambi yofufuza za zitsulo, simenti, magalasi ndi zomangira. Mwa anthu makumi atatu omwe ankagwira nawo ntchito, anatsala anayi okha. Ophunzira anabalalika kumakwawo, ng'anjo zinazima, ndipo simenti ya kafukufuku wa zaka zitatu inaumira m'zikombole popanda woiyeza. Mlembi wawo anamwalira mwezi wachiwiri wa mliri, ndipo kumaliro ake kunaloledwa anthu khumi. Ntchito yomwe inatsala inali yoyeza zinthu zopita kuchipatala: nsalu za masiki, mabedi achitsulo, ndipo sabata imeneyo, masilinda mazana awiri a okosijeni omwe kampani ina inabweretsa.

Anatengapo masilinda asanu nawadula. Atatu anali ndi timing'alu m'khosi, tating'ono ngati tsitsi, ndipo pansi pa penti yonyezimira panali dzimbiri la zaka zambiri. Munthu wina anali atatola masilinda otayidwa n'kuwapaka utoto kuti aoneke atsopano.

Madzulo amenewo Achiwiri anaimba foni.

"Mayi, kuwodi anthu akufa, inu muli kalikiliki kuwerenga timing'alu?"

"Bwana, atatu mwa asanu ndi owonongeka. Imodzi itaphulika pambali pa bedi..."

"Awiri enawo ndi abwino, si choncho? Ndamva kuti achimwene anu nawonso agonekedwa. Mukufuna apume chiyani, lipoti lanulo? Pepala lovomereza ndilipeze patebulo langa mawa eyiti koloko, losainidwa. Ngati dzanja lanu likulemera, alipo ena odziwa kugwira cholembera."

Mawu onena za achimwenewo ndiwo anawalasa. Anali achimwene omwe anawalera makolo atamwalira, omwe ankawakweza panjinga kupita nawo kusukulu. Masana omwewo namwino anali atawauza pafoni kuti odwala anayi akusinthana silinda imodzi. Mayi Pulofesa anakhala maola atatu akuyang'ana pepalalo, akutukwana chamumtima. Kenaka analisaina, nalipinda, naliponya m'chikwama. Panalibe wowaona.

Tsopano ankayenda akudzilankhulira okha. Zaka makumi awiri zophunzira chitsulo, lero munthu wosadziwa kusiyanitsa mkuwa ndi chitini aziwauza chochita? Ndipo iwo n'kuvomera? Ukaliwo unawadutsitsa njira yachidule, yodzera kuseri kwa yunivesite, yomwe ngakhale masana sankaikonda.

Njirayo inkadutsa pa nyumba yakale yowotcherera zitsulo. Pamene iwo ankabwera kudzayamba ntchito, zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, anaipeza ili yosiyidwa kale, theka la denga palibe, khoma limodzi litang'ambika kuyambira pansi mpaka pamwamba. Magetsi a m'njira anali atafa. Udzu unkafika m'chiuno.

Atayandikira anamva kulira kwa chitsulo.

Ngwiii...

Anaima. Panadutsa kanthawi.

Ngwiii... ngwiii... gu.

Makutu awo ankakudziwa kulira kumeneko. Munthu ankagogoda zitsulo ndi kanyundo, n'kumamvetsera. Mbava ya zitsulo zakutha, anaganiza choncho, ndipo ukali unaposa mantha. Anayatsa tochi ya foni.

"Ndani ali mmenemo? Katundu ameneyo ndi wa yunivesite."

Kugogodako kunaleka. Pakhomo lopanda chitseko panatuluka bambo wamtali, wowonda, atavala ovolosi yabuluu ya mtundu womwe amisiri anasiya kale kuvala. M'dzanja anali ndi kanyundo ka mpini wofupika. Anaima chammbali, mutu ataupendeka ngati akumvetserabe kena kake.

"Bambo, masiki anu ali kuti?" anafunsa Mayi Pulofesa mokalipa. "Anthu akutha, inu mukungoyenda kukamwa kuli pamtunda?"

Bamboyo anatsika pakhonde nayamba kuyenda nawo limodzi, kudzanja lawo lamanzere, ngati munthu woperekeza mlendo. Iwo anafulumiza. Iyenso anafulumiza.

"Mwawagogoda onse?" anafunsa. Mawu ake anali otsika, osasa.

"Chiyani?"

"Masilinda. Mwawagogoda onse?"

"Tayeza asanu. Inu mwazimva kuti zimenezi?"

"Onse, mayi. Imodziimodzi. Yabwino imalira nthawi yaitali. Yong'aluka imangotsokomola."

Mayi Pulofesa anapitiriza kuyenda. Kunayamba kuzizira. Kunkamveka fungo la chitsulo chopsa, ngati pamene munthu wangomaliza kuwotcherera. Njirayo inali ya timiyala, ndipo nsapato zawo zinkalira tswa, tswa, tswa. Anamvetsera bwino.

Nsapato zawo zokha.

Anatsitsa tochi pang'ono. Majombo a bamboyo ankaponda timiyala tomwe iwo ankaponda. Palibe kamwala komwe kanasuntha.

"Inki sinaume, mayi," anatero bamboyo.

Anakumbatira chikwama pachifuwa. Zipi inali yotseka. Panalibe munthu padziko amene ankadziwa kuti pepalalo alisaina.

"Ndinu ndani?"

"Pepala langa analisaina Lachinayi. Linati zonse zili bwino. Ndinawauza kuti imodzi ikutsokomola. Anati ndani amamvera nyundo, pepala lilipo."

Kutsogolo kunali kamlatho ka ngalande, ndipo kuseri kwake kunkaoneka magetsi a msewu waukulu. Mapazi makumi asanu okha. Makumi anayi...

"Lachisanu ndinatsegula valavu ya silindayo."

Makumi atatu...

Pakamlathopo bamboyo anaima. Iwonso anapezeka ataima, osafuna.

"Ine ndimathera pano," anatero. "Chipewa changa anachitola pano."

Kenaka anatembenuka kuti awayang'ane ndi nkhope yonse. Mbali yomwe ankaibisa ija inabwera pang'onopang'ono m'kuwala kwa tochi. Panalibe khutu... Panalibe tsaya...

Foni inazima.

Ngwiii...

Kulirako kunamveka pafupi, pa chitsulo cha kamlatho chomwe anatsamira.

Gu.

"Mayo!"

Anathamanga. Sanacheuke. Nsapato imodzi inatsala m'ngalande, masiki anagwa, koma chikwama sanachitaye. Atafika pakhomo anamenya chitseko ndi manja onse awiri mpaka mwana wawo wamkazi anatsegula.

"Amama, kwagwanji? Akuthamangitsani apolisi?"

"Tseka chitseko. Undipatse madzi."

Atapuma, anadziuza kuti anali munthu wovulala nkhope, mwina mlonda wakale wosokonezeka mutu, yemwe anamva amisiri akukamba za masilinda. Za timiyala anakana kuziganiza. Koma atatulutsa pepala lija naliyala patebulo, anachita manyazi poona dzina lawo pansi pa bodza. Ukali unabwerera, tsopano wolunjika bwino. Analing'amba pakati, nalowa kuchipinda.

M'mawa kusanache anaimbira anthu awo anayi aja. Pofika eyiti koloko pabwalo la labu panali pampu, mapaipi ndi thanki lamadzi, ndipo lole yoyamba ya masilinda inali italowa pageti. Silinda iliyonse ankaidzaza madzi n'kuipopa mwamphamvu kuposa mmene okosijeni angaikankhire, kuti ngati ndi yong'aluka, ing'ambikire pamenepo popanda kupha munthu.

Achiwiri anabwera okha, pa galimoto ya nthambi ija.

"Pepala langa lili kuti?"

"Mulandira mapepala mazana awiri, bwana. Silinda iliyonse ndi lake. Yopambana ikupita kuchipatala lero lomwe, yolephera tikuiboola kuti wina asadzaipakenso penti."

"Mukudziwa kuti mukulankhula ndi ndani?"

"Ndikudziwa. Imani patali, ino tikuipopa."

Asanayankhe, silinda yomwe inali pa pampu inalira phwa, madzi n'kuthovokera m'khosi mwake mpaka kunyowetsa thalauza la Achiwiri. Anayang'ana mng'aluwo, womwe chala chikanalowamo, nabwerera kugalimoto osatsanzika.

Masana amenewo masilinda makumi awiri abwino anafika kuwodi, ndipo namwino anaimba kunena kuti achimwene awo apatsidwa yawoyawo. Ntchitoyo inatenga masiku atatu. Masilinda makumi asanu ndi atatu analephera. Tsiku lachitatu kunabwera kalata yochokera kulikulu, yowathokoza Mayi Pulofesa chifukwa cha ntchito yawo ndi kuwadziwitsa kuti kuyambira mwezi wotsatira nthambiyo idzakhala ndi mkulu wina. Za kampani yopaka penti ija kalatayo sinatchule kanthu.

Anaiwerenga ataimirira pabwalo, naiika m'thumba. Pafupi nawo Madala, mmisiri wamkulu yemwe anakalambira pa nthambiyo, ankapinda mapaipi. Masiku onse atatu iwo ankawaona Madala akugogoda silinda iliyonse ndi sipanala asanailumikize ku pampu.

"Madala, kugogodaku anakuphunzitsani ndani?"

"Mnzanga wina, mayi. Tinkamutcha Kanyundo. Sankatsegula silinda asanaimenye ndi kanyundo kake n'kutchera khutu. Tinkamuseka, ati akufunsira mbeta kwa chitsulo."

"Wamtali, wowonda? Woyenda mutu ataupendeka?"

Madala anasiya paipi. "Mwaona chithunzi chake penapake?"

"Chinamuchitikira n'chiyani kunkhope?"

Madala anakhala pa thanki, natsitsa masiki kuti apume bwino. Anati nthawi imeneyo kunabwera masilinda a gasi wowotcherera, ndipo Kanyundo anakana imodzi. Akuluakulu anamuonetsa pepala losainidwa, namuuza kuti akapanda kugwira ntchito aone msewu. Anali ndi ana asanu. Anatulutsa anzake onse m'nyumbamo, natsala yekha.

"Denga lija mumaliona palibe, inalichotsa ndi silinda imeneyo," anatero Madala. "Lipoti linati anali ataledzera. Munthu wosalawa ndi dontho lomwe. Wosaina uja anakwezedwa pantchito chaka chomwecho."

"Ndiye anangomutaya choncho, atavulala? Munthu akugona m'bwinja, alibe ndi masiki omwe, yunivesite ili phee?" anatero Mayi Pulofesa mwaukali. "Ndisanachoke pa mpandowu ndimulembera kalata, ayenera kuthandizidwa. Mundiperekeze kwa iyeyo. Ndinayenda naye Lolemba usiku, kuchokera pa nyumba ija mpaka pakamlatho."

Madala anaika manja pamaondo.

"Mayi, Kanyundo tinamuika m'manda zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Ineyo ndinanyamula nawo bokosi lake. Linali lopepuka ngati la mwana."