Chidodo Wagubuduka Mumchenga

Kamchenga ankakhala m'tawuni ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Dzinali anam'patsa ndi amayi ake, poti tsitsi lake silinkasowa mchenga. Kamchenga ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bulu wawo asachoke.

Buluyo dzina lake anali Chidodo. Anali wokalamba. Ankayenda ngati akuwerenga mapazi. Ntchito yake inali kunyamula ana a alendo pagombe. Kupita, kubwera. Kupita, kubwera.

Koma chaka chimenecho alendo sankabwera. Mvula inkangowaza tsiku ndi tsiku. Mipando ya pagombe inali yopinda. Katungwe ankangolira yekha ndi mphepo. Wogulitsa zibaluni ankangoyasamula.

Tsiku lina bambo ake anamuitana.

"Mwanawe, mawa kukubwera wojambula," anatero. "Akufuna chithunzi choitanira alendo. Adzachimata m'mabasi ndi m'masitolo akutali. Chidodo akapanda kuonekapo, palibe mwana adzam'fune. Ndidzam'pereka kumunda, azikakoka ngolo."

"Ngolo, ababa? Ndi miyendo imene ija?"

Bambo anangoyang'ana pansi.

M'mawa mwake Kamchenga analawirira kukhola. Anatenga ndowa ndi sopo. Anam'tsuka Chidodo makutu. Anam'tsuka msana. Anam'tsuka ndi mchira womwe. Chidodo anayera mbee! Ankanunkhira ngati mkwatibwi.

Kalanga ine, Kamchenga sankadziwa kanthu kena. Bulu akanyowa, amafuna kugubuduka pansi. N'chifukwa chake bambo sankamusambitsa ndi madzi. Ankangom'pesa basi.

Atangofika pagombe, Chidodo anapinda maondo. Anagona pansi. Gubudu! Gubudu! Miyendo inayi m'mwamba!

"Ayi, Chidodo! Dzuka! Dzuka!" anakuwa Kamchenga.

Chidodo anadzuka nthawi imene anafuna yekha. Anali mchenga wokhawokha. Ndere za m'nyanja zinali lende pakhutu.

Nthawi yomweyo wojambula anafika, bambo ali pambali pake. Anali mayi wamtali, kamera ili pakhosi. Anayang'ana kumwamba. Anayang'ana bulu.

"Dzuwa kulibe. Bulunso ndi ameneyu? Pepani, bambo," anatero.

Anapitirira. Anakajambula maboti opaka penti.

Bambo anapukusa mutu. Sanakalipe. Bola akanakalipa! Mtima wa Kamchenga unawawa kwambiri.

"Ndalakwitsa ndine," anatero chapansipansi.

Mvula inakula. Chidodo anayamba kunjenjemera. Kamchenga anavula jasi lake lamvula. Anam'funditsa pamsana. Jasilo linali laling'ono, koma anam'funditsabe. Anam'kumbatira m'khosi, nalira. Chidodo anatsamiritsa mutu paphewa pake.

Kenaka panamveka mawu. "Musasunthe!"

Anali wojambula uja, akubwerera. Anajambula kamodzi. Anajambulanso. Kenaka anathamangira kugalimoto yake.

Masiku anadutsa. Kamchenga ankayang'ana kumsewu, kudikira basi ya alendo. Kunalibe basi. Ankayang'ananso. Kunalibe basi. Chakudya sichinkamukomera.

Loweruka m'mawa kunabwera bambo wa ngolo kudzatenga Chidodo. Anali ndi chingwe m'manja. Anam'yasamutsa Chidodo, kuona mano. Anam'gwiragwira miyendo. Kamchenga anabisa nkhope m'diresi la amayi ake.

Pi-piii! Basi inaima pamsewu. Anthu anatsika ndi zikwama ndi maambulera. Kamtsikana kena kanabwera kakuthamanga. Kanali ndi pepala m'manja.

Papepalapo panali Chidodo, mchenga thupi lonse. Panali kajasi pamsana pake. Panalinso Kamchenga, atam'kumbatira. Pansi pake analembapo kuti, "Bwerani kunyanja. Chidodo akukudikirani."

"Bulu wovala jasi ali kuti?" kanafunsa kamtsikanako. "Ndikufuna kukwera!"

"Inenso!" anatero mwana wina.

"Inenso! Inenso!"

Ana anaima pamzere. Mzerewo unafika mpaka pa katungwe.

Bambo anayang'ana anawo. Anayang'ana chingwe cha bambo wa ngolo. Anatsokomola pang'ono.

"Pepani, achimwene," anatero. "Mwayenda ulendo wachabe. Uyu sachoka."

Amayi anaseka, misozi ili m'maso. Kamchenga analumpha, nakumbatira bambo ake m'chiuno. Bambo anam'sisita pamutu. Kenaka ananyamula kamtsikana kaja, nakakhazika pamsana pa Chidodo.

"Tsogola, mwanawe," anauza Kamchenga. "Lero bulu ukumuyendetsa ndiwe."