Nthenga ya Mphamba

Tiwo anaimirira kutsogolo kwa kalasi, pepala lili m'manja. Aphunzitsi awo, Ba Chilekwa, anali atauza aliyense kuti alembe za mbalame imodzi ya m'nkhalango, ndipo iye anasankha mphamba.

Anawerenga motsitsa mawu. Anati mphamba wa m'nkhalango ali ndi maso achikasu ndi mizeremizere yofiirira pachifuwa. Mapiko ake ndi aafupi koma mchira ndi wautali, n'chifukwa chake amakhotakhota pakati pa mitengo osagunda nthambi. Wamkazi ndiye wamkulu kuposa wamwamuna. Amakhala phee m'masamba mpaka njiwa itaiwala zoti kuli adani, kenako n'kuitsomphola. M'mamawa amazungulira pamwamba pa mitengo akulira, ndipo m'chisa chake amayalamo masamba aawisi.

Ba Chilekwa anamufunsa kumene anazipeza zonsezi. Tiwo anati pa intaneti.

Linali bodza. Amene anamuuza anali bambo ake, omwe amawotcha malasha kunkhalango za ku Chongwe n'kumabwera nawo pa njinga kudzagulitsa m'komboni ya Kalingalinga. Koma sabata lomwelo kalasi inali itaphunzira kuti owotcha malasha ndiwo akutha mitengo, ndipo Marjory, mnzake wa desiki imodzi, anati anthu otere ndi ofunika kumangidwa.

Pa nthawi ya buleki, njinga ya matumba atatu a malasha inaima pageti la sukulu. Bambo ake a Tiwo, malaya ali bii, anamukodola akumwetulira. M'manja anali ndi nthenga yamizeremizere, yokulungidwa bwinobwino mu pulasitiki ya buledi kuti isade.

"Tiwo, ni bandani baja bakuitana?" anafunsa Marjory.

"Ni bogulisa malasha chabe. Bamabwelesa kunyumba."

Tiwo sanakweze mawu, koma geti silinali patali. Bambo ake anatsitsa dzanja. Anapereka nthengayo kwa mlonda, n'kumupempha mwaulemu kuti aipereke kwa mwana wa Giredi 9 amene akulemba za mphamba. Anawonjeza kuti anaitola pansi pa mtengo wa chisa, ndipo mtengowo sanaudule. Dzina la Tiwo sanalitchule. Ngakhale mawu akuti "mwana wanga" sanatuluke pakamwa pawo.

Mlonda atafunsafunsa n'kumupatsa Tiwo nthengayo, anzake anaunjikana kuti aione. Tiwo sanathe kuiyang'ana. Maso ake anali kwa bambo ake amene ankakankha njinga pachitunda, msana utapindika. Anali atapalasa chiyambire mbandakucha, n'kupatuka njira yonseyo chifukwa cha iye.

Belu linalira, anzake anayamba kulowa. Tiwo anasiya nthengayo m'manja mwa Marjory, anapempha mlonda kuti amutsegulire, nathamanga.

Atawapeza, anagwira thumba la kumbuyo n'kuyamba kukankha. Bambo ake anamva njinga itapepuka, nacheuka.

"Uzadetsa yunifomu, mami. Banzako bakuona."

"Baone, batate," anatero Tiwo, osadzutsa mutu.