Tiyamike ndi Antchito a M'khungu

Tiyamike ankakhala ku Nsaru. Anali mwana wachialubino. Khungu lake linali loyera. Tsitsi lake nalonso linali loyera.

Tiyamike ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupita nawo kumunda, osapsa ndi dzuwa.

Inali nyengo yokumba mtedza. Sukulu inali itatsekera. Abambo ankakumba. Amayi ankakumba. Tiyamike ndi mlongo wake Dominic ankathothola.

Pamundapo panalibe mtengo. Dzuwa linkawomba m'mawa. Linkawomba masana. Linkawombabe popita kunyumba.

Madzulo onse ankabwera atatopa. Abambo atatopa. Amayi atatopa. Dominic atatopa. Koma Tiyamike ankabwera atatopa, atapsanso. Khosi lake linafiira. Makutu ake anatuluka matuza. Milomo yake inang'ambika.

Lachiwiri m'mawa, Tiyamike analephera kutembenuza khosi.

"Amayi, pakundiwawa," anatero.

"Pepa, mwanangu," anatero amayi. "Lero utsale pakhomo."

"Sindikufuna kutsala. Bwanji ndivale chipewa chija?"

Tiyamike anali ndi chipewa chachikulu. Analinso ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Zonsezi anamupatsa kuchipatala. Zonsezi zinali m'sutikesi.

"Chija ndi cha kutchalitchi," anatero amayi. "Kumunda kuli dothi lofiira. Chikada, anthu adzati chiyani? Adzati Enelesi sasamala mwana."

"Nanga mafuta?"

"Mafutawo ndi ochepa. Tikamadzola tsiku ndi tsiku, atha. Kuchipatala ndi kutali."

Amayi sanali ouma mtima, ayi. Pakhomo pawo zinthu zabwino zinkadikira Lamulungu. Nsapato zinkadikira Lamulungu. Sopo wonunkhira ankadikira Lamulungu. Chipewa ndi mafuta nazonso zinkadikira Lamulungu.

Onse anapita kumunda. Tiyamike anatsala. Anakhala pakhonde. Mbuzi inamuyang'ana. Iyenso anaiyang'ana.

Masana, kunamveka mawu.

"Odi kuno!"

Anali azakhali a Rute, mlongo wawo wa abambo. Azakhali anali alangizi a zaumoyo. Ankachokera kusikelo ya ana. Ankakankha njinga, chifukwa tayala linali litaphwa.

"Fikani, azakhali," anatero Tiyamike.

Anawatungira madzi. Azakhali anamwa onse. Anavula nsapato. Anatambasula miyendo.

"Ndatopa, Tiya," anatero. "Lero njingayi ndiyo yandikwera."

Kenaka anaona khosi la Tiyamike. Anaona makutu. Anaona milomo.

"Kodi chipewa chili kuti?"

"M'sutikesi. Lero ndi Lachiwiri."

Azakhali anangopukusa mutu pang'ono.

"Azakhali," anatero Tiyamike, "dzuwa limandideranji?"

"Silikuda, ayi. Limawomba aliyense. Koma khungu lakuda lili ndi mthunzi wakewake. Lako lilibe."

Pakhondepo panali chingwe chakale cha mbuzi. Chinali cha khonje. Azakhali anachitola.

"Tabwera pafupi," anatero. "Thupi lako linamangidwa ndi tizipinda. Ndi ting'onoting'ono. Sungatione ndi maso. Dzina lake ndi maselo."

"Maselo," anatero Tiyamike.

"M'kati mwa selo muli ulusi wautali. Dzina lake ndi DNA. Ulusiwo ndi umene umauza selo zochita. Uli pawiri, wopotana ngati chingwechi. Ukuona? Mbali iyi ndi mbali iyi."

"Ndikuona."

"Dzuwa likalowa m'khungu, limawononga ulusi. Limawononga apa. Limawononga apo. Nthawi zina ulusi umaduka."

Tiyamike anagwira khosi lake.

"Ndiye kuti ine ndaduka m'kati?"

"Usaope. M'maselo muli antchito. Dzina lawo ndi mapuloteni."

"Ngati a mu mtedza aja? Tinaphunzira kusukulu."

"Eya. Iwe umadya mtedza ndi nyemba. Thupi limatenga zimenezo. Limapanga nazo antchito akeake."

Azakhali anayendetsa chala pa chingwe.

"Wina amayenda pa ulusi, kufufuza. Akapeza poonongeka, amaitana anzake. Wina amabwera, n'kudula poipapo. Wina amayang'ana mbali yabwino ija. Amalukanso chimodzimodzi. Womaliza amalumikiza. Basi, ulusi wakhalanso bwino."

"Kodi mbuzi nayo ili nawo?"

"Ili nawo. Ng'ombe ili nawo. Galu ali nawo. Inenso ndili nawo."

"Amagona?"

"Sagona."

"Nanga satopa?"

Azakhali anapuma mozama.

"Ntchito imawachulukira, Tiya. Akamakonza apa, dzuwa lawononga apo. Akathamangira apo, lawononganso pena. Malo ena amatsala osakonzedwa. Zaka zikapita, pamatuluka chilonda chosapola."

Tiyamike anaganizira antchito ake. Anali aang'ono kwambiri. Analibe ndi mthunzi womwe.

"Chipewa chimawathandiza, eti?"

"Chimawathandiza. Mafutanso amawathandiza. Akatha, ndidzakutengera ena. Kodi ndilankhule ndi amayi ako?"

"Ayi," anatero Tiyamike. "Ndiwauza ndekha. Mundisiyire chingwechi."

Azakhali anavala nsapato. Anakankha njinga yawo, napita.

Madzulo onse anabwera. Abambo atatopa. Amayi atatopa. Dominic atatopa. Amayi anakhala pamphasa. Anatsamira khoma. Anatseka maso.

Tiyamike anawapatsa madzi. Kenaka anawapatsa chingwe.

"Ndi chiyaninso ichi?" anafunsa amayi.

"Ndi masewera. Angotenga kanthawi kochepa. Dominic, iwe ndiwe dzuwa. Uzimasula chingwe. Amayi, inu muzipota."

"Ine ndine dzuwa!" anakuwa Dominic. Kutopa konse kunamuthera.

Dominic anamasula apa. Amayi anapota apa.

Dominic anamasula apo. Amayi anapota apo.

Dominic anamasula kuno. Anamasulanso uko. Anamasula pakati. Ankaseka kwambiri.

"Iwe Dominic!" anatero amayi. "Tadikira ndimalize kaye! Manjawa ndi awiri okha. Ndatopa ine!"

"Antchito anga akuteronso," anatero Tiyamike.

"Antchito ako ati?" anafunsa abambo.

Tiyamike anawauza zimene azakhali ananena. Anawauza za maselo. Anawauza za ulusi wopotana. Anawauza za wofufuza, wodula, woluka ndi wolumikiza. Anawauzanso za chilonda chosapola.

"Amayi," anatero, "dzuwa silidikira Lamulungu. Limabwera Lolemba. Limabwera Lachiwiri. Kutchalitchi kuli denga. Kumunda kulibe."

Amayi anayang'ana chingwe. Chinali chomasukamasuka. Anayang'ana khosi la Tiyamike. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndimati ndikusamala," anatero motsitsa mawu.

"Mumasamala, amake Tiya," anatero abambo. "Inenso sindinaganize. Koma chipewa chikada, chimachapidwa."

"Nanga mafuta akatha?" anafunsa amayi.

"Azakhali ati adzanditengera ena," anatero Tiyamike.

Amayi anadzuka pang'onopang'ono. Msana unkawapweteka. Analowa m'nyumba. Sutikesi inalira, kwee!

Tiyamike anakhalabe pakhomo masiku angapo. Khosi linapola. Matuza anauma. Mtedza unali usanathe.

M'mawa wina, amayi anamuitana.

"Bwera kuno, Tiya."

Anamudzoza kumaso. Anamudzoza m'makutu. Anamudzoza pakhosi ndi m'manja. Anamuveka malaya a abambo a mikono yaitali. Malayawo anafika m'mawondo. Pomaliza anamuveka chipewa.

"Ukuoneka ngati bowa!" anatero Dominic.

"Bowa sapsa ndi dzuwa," anatero Tiyamike.

Kumunda, abambo anazika mitengo inayi. Anayala udzu pamwamba. Chinakhala chisakasa. Pansi pake panali mthunzi.

Abambo anakumba. Amayi anakumba. Dominic anatuta mtedza, kubweretsa kuchisakasa. Tiyamike anathothola. Anathothola, nathothola. Dengu linadzaza.

Masana amayi anamudzozanso. Chipewa chinali chitafiira ndi fumbi. Amayi anachiyang'ana. Anachikuntha kamodzi. Anachibwezera pamutu pake.

Onse anakhala pamthunzi. Anadya mbatata yophika. Anamwa thobwa. Abambo anatopa. Amayi anatopa. Dominic anatopa. Tiyamike nayenso anatopa. Koma khosi silinamuwawe. Makutu sanamuwawe.

Anatsamira pamwendo pa amayi. Maso ake anatsekeka.

"Amayi, taonani!" anatero Dominic. "Tiya akugona pa ntchito!"

"Shii," anatero amayi. "Msiye apume. M'kati mwakemo ntchito ikuyenda."