Kupepesa kwa Namfukula

Namfukula sankatopa. Anali khoma lagalasi m'chipinda chofikira alendo pa chipatala chachikulu cha m'boma, ndipo m'mimba mwake munali mbiri ya matenda ya aliyense amene anagonapo kapena kupimidwapo m'derali. Munthu ankangodinda chala pagalasipo n'kutchula dzina la wodwala, basi khomalo n'kuyamba kuthwanima. Zithunzi za m'thupi, mankhwala, ngakhale mawu enieni amene wodwala anayankhula kwa dokotala, zonse zinkatuluka munthu asanameze n'komwe malovu.

A Yotamu Chikhosi anakhala pabenchi, chipewa chili pabondo, n'kumaonerera njonda ina ya kampani ya inshuwalansi ikudinda chala.

"Ndapeza," anatero Namfukula. "Zonse ndatumiza ku foni yanu."

Njondayo sinathokoze n'komwe. Inangotembenuka, ulendo.

Lamulo la pamenepo aliyense ankalidziwa. Mwini matenda ndi abale ake olembedwa m'kaundula wa boma ankafufuza ulere. Ena onse, maloya, makampani ndi anthu apadera, ankalipira, kaya chapezeka kaya ayi. Akuluakulu a chipatala ankati khasu limatha ngakhale mbewa usaiphe.

Vuto la a Chikhosi linali pamenepo. Anakhala ndi mkazi wawo Edesi kuyambira unyamata mpaka imvi, koma ukwati wawo unali wa ankhoswe basi. Ankhoswewo anatha kalekale, mwana Mulungu sanawapatse, ndiye kwa Namfukula iwo anali munthu wapadera, chimodzimodzi ndi njonda ya inshuwalansi ija. Atamva zimenezi koyamba, maliro a Edesi atangotha kumene, anapsa mtima kwambiri.

"Ine wapadera? Amene ndinkamutembenuza pabedi? Ndilipire kuti ndimve mawu a mkazi wanga yemwe?"

Analumbira kuti sadzapondako. Makani a nkhalamba mumawadziwa, ndalama anali nazo, koma mtima sunkalola. Mlongo wawo Filesi anawadandaulira mpaka pakamwa kuuma. "Achimwene, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani mukamve alamu anga, mtima ukhale pansi." Iwo ankangoyankha kuti Edesi ali m'mutu mwawo, safunika galasi.

Koma mutu nawo umadontha. Zaka zitapita, foni yakale imene munali mawu ake inafa, amisiri n'kuilephera. Kenako anayamba kumulota Edesi akuyanika zovala, milomo ikugwedera koma osamveka kanthu. Tsiku lina anayesa kukumbukira mmene ankawaitanira ali kuseri kwa nyumba, ndipo anapeza kuti mawuwo achoka. Nkhope inalipo, kayendedwe kanalipo, koma liwu ayi. Anachita mantha kwambiri, ndipo m'mawa mwake anakagogoda kwa Filesi kuti awaperekeze.

Ali pabenchipo anakumbukira chipatala chakale. Kunali fungo la mankhwala ophera tizilombo, mizere yofika panja, ndi kalaliki wolongolola amene ankakwera pampando kufunafuna mafayilo m'mashelefu a fumbi. Fayilo ikasowa ankakukalipira ngati waisowetsa ndiwe, koma mawa lake ukabwera umapeza waifukula, n'kukufunsanso ngati kumudzi mvula yagwa. Kalelo ankadana naye kalalikiyo. Lero anamusowa.

"Yafika nthawi yanu, achimwene," anatero Filesi powagwira pamkono.

Anaimirira n'kudinda chala. "Edesi Chikhosi. Ankadwala mtima."

"Ubale wanu ndi wodwalayu sukupezeka m'kaundula," anatero Namfukula. "Mulipira ngati munthu wapadera, kaya ndipeze kaya ndisapeze. Mukuvomera?"

Anayankha monyinyirika. "Ndavomera."

Khomalo linathwanima, n'kuthwanimanso, kenako n'kuzima.

"Sindinapeze kanthu. Mbiri imene palibe waifunsa kwa zaka khumi imafufutidwa kuti malo apezeke."

Umu ndi mmene zinthu zinapotokera. Chiyambireni kulipiritsa kufufuza kopanda phindu, anthu wamba anasiya kufunsa poopa kutaya ndalama pachabe. Namfukula ataona kuti palibe akufunsa, anaganiza kuti palibe akufuna, ndipo anayamba kusesa. Palibe amene anakonza zoti zitero. A Chikhosi akanabwera kale, ngakhale kamodzi kokha, Edesi akanakhalapo.

Kenako makinawo anawonjezera mawu amene ankanenedwa kwa okhawo obwerera chimanjamanja.

"Pepanitu, bambo."

A Chikhosi anauma thupi. Mawuwo anayamba pansi, n'kukwera kumapeto, ndipo pambuyo pake panatsatira kampweya kakang'ono ka munthu amene akupepesa koma kuseka kukumuvuta kubisa. Ndi mmene Edesi ankapepesera akabwereketsa pampu ya njinga yawo kwa anansi osawauza, kapena akadula batani la malaya awo atsopano n'kusokera pa bulauzi yake.

"Iwe," anatero, "kapepesedwe kameneka unakatenga kuti?"

"Ndinaphunzira kuyankhula kuchokera kwa odwala," anayankha Namfukula. "Mbiri isanafufutidwe, mawu a mwini wake amathiridwa mu nkhokwe imene ndimatapamo liwu langa. Muli anthu zikwizikwi."

"Ndiye mutulutse! Mkazi wanga ali mmenemo!"

"Sindingathe. Asakanikirana ngati mchere m'ndiwo. Sindidziwa kuti uyu ndani, uyo ndani."

"Nenanso, basi. Nena monga unanenera muja."

"Ndimapepesa pokhapokha ndikafufuza osapeza kanthu."

A Chikhosi anayang'ana chala chawo. Foni inali italira kale m'thumba kusonyeza kuti ndalama yadulidwa. Anakweza dzanja.

"Achimwene, akudulaninso!" anatero Filesi. "Awa ndi makina chabe, tiyeni tizipita."

"Adule. Iwe ungotchera khutu."

Anadinda, n'kutchulanso dzina, n'kuvomeranso kuti ndi munthu wapadera, ulendo uno mosanyinyirika. Khomalo linathwanima n'kuzima. Linanena zoti silinapeze kanthu, linanena za zaka khumi, kenako linapuma pang'ono.

"Pepanitu, bambo."

Filesi anagwira pakamwa. "Mayo ine," ananong'ona. "Alamu anga."

Misozi inatsika m'masaya mwa a Chikhosi, koma nkhope yonse inali ikumwetulira. "Palibe kanthu, Edesi," anatero motsitsa mawu. "Wochedwa ndine."

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la msika ankavala jekete lawo labwino, n'kukwera basi yamagetsi yopita kuchipatala. Ogwira ntchito ankadabwa ndi nkhalamba imene imalipira kufufuza dzina lomwelomwelo ikudziwa kuti mulibe kanthu, ndipo ena ankati mutu wayamba kuzungulira. Iwo ankangodikira mzere wawo moleza mtima, akupemphera chinthu chimodzi chokha, kuti Namfukula asadzapeze chilichonse chomuletsa kupepesa.

Mwa anthu onse amene ankabwerera chimanjamanja pakhomalo, iwo okha ndi amene ankapita kunyumba atapeza chimene anadzera.