Peni ya Malemu Hudson

Tsiku limene Gideon Manda ananyamula bokosi la mapeni m'nyumba ya ku Katawa, Lusungu anali asanavule n'komwe nsalu yakuda ya maliro. Mwamuna wake Hudson anali atangoikidwa kumene kwawo ku Nkhata Bay, ndipo abale anabwera ku Mzuzu kudzagawana zovala za malemu monga mwa mwambo. Malaya, nsapato, mataye, zonsezo Lusungu anatulutsa yekha popanda womukakamiza. Koma Gideon, mkulu wake wa Hudson, maso ake sanali pa malaya.

"Ichinso n'cha malemu," anatero akutsegula kabati wa pabalaza.

"Alamu, mapeniwo ayi," anatero Lusungu. "Tinkagula tonse awiri. Ena ndinagula ine ndisanakumane n'komwe ndi m'bale wanuyo."

Eness, mlongo wawo wa a Manda, anaseka chikhakhali ngati sali pa nyumba ya maliro. "Mkazi kusunga mapeni? Mlamu, tinamize zina. Mchimwene wathu ankathera chuma pa tizinthu timeneti ife tikuvutika, lero ukufuna utidyerenso wekha?"

Lusungu anagwada pansi misozi ili chuchuchu. Anati atenge onse, angomusiyirako imodzi yokha, yakuda ija. Gideon anaitulutsa m'bokosimo, naiyang'ana poiloza kuwindo, golide wake akunyezimira. Kenako anaibwezera momwemo, natseka bokosi, nalipanira kukhwapa.

Pa shelefu panali timabotolo ta inki, ta mitundumitundu. Eness atatambasula dzanja kuti atenge, anabwerera m'mbuyo msanga. "Awa ndi mankhwala amene ankamwa malemu. Asiyeni, tingatengere matenda." Anatuluka akumenyetsa chitseko, ndipo timabotolo tija tinapulumuka choncho.

Mapeni amenewa sanali mabolopointi a pa golosale ayi. Anali aja othiramo inki, ochokera kunja, ena oitanitsa pa intaneti, ena obwera ndi anzawo opita ku Joni. Lusungu ankaphunzitsa anamwino, Hudson ankayeza malo, ndipo ana Mulungu sanawapatse. Anzawo akamakamba za magalimoto, iwo ankakamba za inki. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde kutsuka mapeni awo ndi madzi ofunda, akukangana kuti buluu wokongola ndi uti.

Peni yakuda ija inali yakalekale, ndipo Hudson anailembera zaka zambiri. Kansonga kake kagolide kolembera, kamene eni mapeni amati nibu, kanali katadyeka mbali imodzi potsata mmene iye ankapendeketsera dzanja. Lusungu akaigwira, peniyo inkamukokera yokha ku kalembedwe ka mwamuna wake. Zinkakhala ngati Hudson wamugwira dzanja. Zithunzi anali nazo, koma chithunzi sichigwira munthu dzanja.

Ndiye taganizani Gideon, munthu amene akamalemba ndi bolopointi amadinda ngati akukhoma msomali, mpaka kuboola pepala. Atangoti alembe dzina lake kamodzi kokha ndi peni imeneyo, nibu ikanakhanyuka, Hudson n'kufa kachiwiri. Chimene chinkamugonetsa tulo Lusungu chinali chimodzi: mapeni onse anawatsuka yekha pamene Hudson anali m'chipatala, ndipo anali ouma.

Anapitako kwa Gideon ku Zolozolo kukapempha. Ulendo woyamba anamusiya pakhonde. Ulendo wachiwiri Gideon anatuluka akutokosa m'mano, nati, "Ukwati unatha ndi maliro, mama. Za a Manda zisiye kwa a Manda." Chitseko chinamenyedwa mpaka fumbi kugwa. Lusungu anabwerera wapansi mpaka ku Katawa, ndipo pofika kunyumba misozi inali itauma. Chotsala mumtima chinali chidani, ndipo sanachite nacho manyazi.

Miyezi inapita. Tsiku lina masana a mwezi wa Okutobala, Gideon anatulukira pageti akumwetulira ngati anasiyana bwino, napereka moni m'Chitumbuka.

"Mwatandala uli, mlamu?"

"Natandala makola," anayankha Lusungu, osamulozera mpando.

Gideon anakhala yekha. Anati Judith, mwana wa Eness, akukwatiwa Loweruka, ndipo iye monga malume ndiye nkhoswe. Adzasaina m'buku la tchalitchi pamaso pa anthu onse. Wasoketsa suti yoyera. Akuchimuna ndi anthu ophunzira a ku Geisha, ndiye ayenera kuona kuti kwa a Manda nakonso sikuli anthu wamba. Anapisa m'thumba natulutsa peni yakuda ija.

"Koma chinthuchi sichikulemba. Ndamva kuti timabotolo tija si mankhwala. Undithirire inki, yodula chomene."

Lusungu anailandira. Peni inali m'manja mwake. Akanatha kuthawira nayo kuchipinda n'kukhoma chitseko, koma ankamudziwa Gideon: akanathyola chitsekocho, mawa lake banja lonse n'kumutcha wakuba. Anatsegula chivundikiro nayang'ana nibu. Inali ikadali bwino.

"Mwayesa kulembera?"

"Ndingalembere bwanji chouma? Ndidzayambira pa ukwati."

Lusungu analowa nayo m'nyumba. Peni imeneyi inali ya mtundu wakale, yothira inki m'mimba mwake mwenimweni. Polumikizira pake pamafunika kupaka timafuta tapadera kuti inki isadonthe, ndipo imafuna kudzazidwa ndithu, chifukwa ikakhala ndi mpweya wambiri mkati, kutentha kwa thupi kumakankhira inki kunja. Lusungu anatenga kansalu napukuta timafuta tonse totsalira. Anasankha botolo la inki yooneka yakuda, koma imene ikagwera pa nsalu imafalikira yofiira ndipo sichoka. Anathira theka lokha la peniyo.

Potuluka anabweretsanso kachikwama kachikopa. "Alamu, muinyamulire umu. Musaiike m'thumba la jekete."

Gideon anaseka mpaka kutsokomola. "Ndibise golide m'kachikwama? Anthu adzamuona bwanji? Akazi inu!" Kachikwamako anakasiya pampando. Lusungu anamuperekeza mpaka pageti, chinthu chimene anali asanachitepo chimwalirire Hudson. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Loweruka dzuwa linaomba ngati lalipidwa. Tchalitchi cha ku Zolozolo chinadzaza mpaka m'mawindo, malata akulira ndi kutentha. Lusungu anakhala benchi lachitatu, maso ake ali pa msana wa suti yoyera. Abusa analalikira, nalalikirabe. Gideon ankadzipukuta thukuta ndi mpango, akusisita pachifuwa kuti atsimikize kuti golide akuoneka. Lusungu ankapemphera, ndipo pemphero lake silinali loti munthu n'kulinena mokweza: inki ituluke dzanja lija lisanafike pa buku.

Malumbiro atatha, abusa anaitana ankhoswe. Gideon anadzuka, ndipo m'malo mopita ku tebulo molunjika, anayamba watembenukira kwa anthu kuti amuone bwino.

Kuchokera pa thumba la pachifuwa kutsika mpaka pa batani, suti yoyera ija inali yofiira piriwiri.

"Amama ine! Ndopa!" anakuwa Eness m'Chitumbuka. "Magazi! A Gideon abayidwa!"

Amayi ena anaimirira, ana anayamba kulira. Koma Gideon, poti sanadziyang'ane, ankayesa phokosolo ndi la chisangalalo. Anatambasula manja akupita kwa Judith kuti amukumbatire, mwana ali m'diresi lake loyera.

Apa Lusungu anadzambatuka. Mkwiyo wake unali pa Gideon, osati pa mwana. "Musamukhudze mwanayo!" anakuwa ndi mawu amene ngakhale iye mwini sankadziwa kuti ali nawo. "Judith, bwerera m'mbuyo! Ndi inki!"

Mkwati anamukoka Judith msanga. Gideon anaweramitsa mutu, naona. Anasolola peni m'thumba, ndipo dzanja lonse linafiira mpaka pa wotchi.

"Mfiti iwe!" anatero akumuloza Lusungu. "Wachita dala!"

"Dala, eya," anayankha Lusungu ataimirira chilili. "Ndipo ndinakuuzani kuti musaiike m'thumba. Munaseka. Munasekanso tsiku lija ndinakugwadirani ndili m'nsalu yakuda, ndikupempha peni imodzi yokha ya mwamuna wanga. Munanyamula bokosi lonse dothi la pamanda lisanaume. Ndikunama, mlamu Eness? Yankhani muli m'nyumba ya Mulungu muno."

Eness anabisa nkhope m'chitenje. Ku mbali ya akuchimuna anthu anayamba kunong'onezana. Mayi ake a mkwati, mayi wamkulu wa magalasi, anafunsa mokweza osasamala kuti ali m'tchalitchi: "Kodi banja limene tikulowali ndi lolanda amasiye?"

Gideon anaiponya peni ija pansi ndi mphamvu zake zonse. Inagunda simenti, nigubuduzika mpaka pansi pa benchi. Lusungu anamva kugundako m'mafupa ake. Anagwada, naitola, naikulunga m'mpango osatsegula chivundikiro.

Abusa, pofuna kuti mwambo upitirire, anatulutsa bolopointi yawo. Gideon atati ailandire, Judith analankhula kwa malume akewo akulira. "Asibweni, kasambeni kaye m'manja. Musadetse buku langa." Gideon anatuluka pakati pa mabenchi, anthu akumupatukira kuopa kuthimbirira. Ku madyerero sanaoneke.

Lusungu anabwerera ku Katawa, naiika peni pa tebulo ili chikulungire. Lamulungu linadutsa, Lolemba linadutsa, osaitsegula. Ankaopa. Ngati nibu inapindika pogwa paja, ndiye kuti wabwezera, inde, koma wadzibaya yekha.

Lachiwiri m'mawa kunagogoda munthu. Anali Eness, maso otupa, bokosi la mapeni lili pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Anati Judith wanenetsa kuti sapondanso kwa amayi ake mpaka bokosilo litabwerera kwa mwini wake, ndipo apongozi a Judithyo sakumuyankha n'komwe moni.

"Utikhululukire, mlamu. Tinalakwa chomene."

Lusungu analandira bokosi, nathokoza m'Chitumbuka, "Yewo." Mpando sanamupatse.

Eness anazengereza pakhomopo, akupotokola nsonga ya chitenje. "A Gideon sakutuluka m'nyumba. Anthu a ku Zolozolo akumawafunsa ngati bala lapola. Suti ija tayesa sopo, tayesa mandimu, tayesa jiki, banga likungokula. Iwe umadziwa za inkizi. Chochotsera chake n'chiyani?"

"Palibe," anatero Lusungu. "Ine ndi Hudson tinaigula chifukwa sichoka."

Anatseka chitseko pang'onopang'ono. Kenako anakhala pa tebulo, namasula mpango uja. Chivundikiro chinali chitang'aluka pang'ono m'mbali. Anachipotokola atapuma mpweya waukulu. Anatsuka peni ndi madzi ofunda mpaka kufiira konse kutatha, napaka timafuta polumikizira, naidzaza ndi buluu uja Hudson ankaumirira kuti ndiye wokongola kuposa onse, ngakhale iye ankatsutsa Loweruka lililonse.

Anaika nibu pa pepala. Peni inamukokera dzanja kumbali, mopendekeka, monga kale.

Lusungu analemba dzina la mwamuna wake, nalilembanso, mpaka misozi inagwera pa pepala n'kusungunula inki. Sanaipukute. Anangotembenuza tsamba n'kupitiriza.